Masamba Opanda Maliro

Mukafika pamsika wa kumunsi kwa Michesi n'kufunsa za Stafford Makina, anthu ayamba ayang'anana kaye. Kenako wina akuuzani kuti ndi uja analodza mkazi wake ndi masamba. Bodza lenileni limenelo. Onena zimenezo ndi omwe aja anathawa tsiku la chipwirikiti n'kusiya ufa ndi nkhuni zili mbwee pamsewu, lero ndiye akufuna kukhala eni nkhani. Stafford sanalodze munthu. Anali munthu wofuna kuti ntchito imene anapatsidwa iyende bwino, basi, ndipo nzeru imene inamubwerera inali ya konkuno, yoti mlendo sakanaiganiza n'komwe.

Kwawo ndi kwa Chiwalo. Kuno anabwera kudzakwatira, ndiye ndi mkamwini: munda ndi wa mkazi, malo a nyumba ndi a mkazi, iye chake ndi njinga ndi nkhwangwa. Ndi wamfupi, wa miyendo ya matewe, phewa limodzi lotsika chifukwa chosenza nkhuni kuchokera m'phiri. Ali mwana ankapirikitsa mbalame m'minda ya mpunga, ndiye mawu ake mpaka lero amawoloka dambo. Akamakupatsani moni mumachita ngati mwamulakwira. Amene ankamuziziritsa ndi mkazi wake, Zelifa, mayi wa mawu ochepa, woimba kwaya, mayi wa mwana mmodzi dzina lake Fyness amene anakwatiwa ku Migowi. Chaka chimene a filimu anabwera, Zelifa anali ali gone pamphasa kuyambira nthawi yokolola. Chifuwa, kutentha thupi, miyendo kutupa. Kuchipatala anapitako, mankhwala ankamwa, ndipo ankadya pang'onopang'ono phala limene mwamuna wake ankaphika yekha, amuna anzake akumuseka kuti wasanduka mpongozi wa mbaula. Asekeni. Ndi angati mwa iwo anagwirapo chipande mkazi atadwala?

A filimu anafika nthawi ya chiperoni, pa lole ndi minibasi, ambiri achinyamata a m'tauni. Ankajambula nkhani ya mfumu yakalekale, mwene wina wongopeka amene anatsogolera anthu ake kuchokera kum'mawa n'kudzafera patsinde pa phiri. Anamanga kamudzi kawo ka udzu kuseri kwa nyumba ya Stafford, pamalo pamene kamera ikaloza kumtunda sinkaona malata kapena waya, koma phiri lokhalokha ndi nkhungu yake. Wokonza zinthu anali mtsikana wina dzina lake Shakira. Ameneyo anali ndi manja. Masaka ankawaviika m'matope mpaka aoneke ngati chiwondo, mikondo ankasema ya nsungwi n'kuipaka makala, mpando wachifumu unali mtondo wakale atauvundikira n'kuuveka chikopa cha mbuzi. Anthu a m'mudzi ankawavula masilipasi ndi mawotchi n'kuwaimika kumbuyo kwa mfumu. Mfumuyo kamera ikazima inkavala jekete pamwamba pa mikanda n'kumasewera ndi foni.

Amene ankavutika ndi Jonathan, mnyamata wojambula mawu. Ankayenda ndi ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chaubweya kunsonga, mahedifoni ali m'makutu. Kamera mutha kuinamiza, koma chaubweyacho ayi. Chinkamva zonse: tambala, chigayo, wailesi ya kutsidya, makamaka njinga zamoto za kabaza pamsewu wafumbi wodutsa pakhomo pa Stafford. Mfumu ikangotsegula pakamwa kuti idandaule kwa makolo ake, wa njinga waliza hutala. Ayambirenso. Ikafika pakati, hutala wina.

Ndiye analemba Stafford ntchito yoletsa phokoso. Tangoganizani, munthu waphokoso kuposa onse m'mudzi, ntchito yake kukhalitsa anthu chete. Ana anayamba kumutchula a Chete. Koma anaigwira ndi mtima wonse. Atambala ankawavundikira m'madengu, wa chigayo anapangana naye nthawi yozimitsa, agalu ankawanyengerera ndi mikute. Anyamata a kabaza okha ndi amene anamukanika.

"Akulu, msewu ndi wa boma uwu," mmodzi anamuyankha osatsika n'komwe. "Mfumu yanuyo ikalambule wake."

Madzulo ena Jonathan anamukokera pambali. "Bambo Makina, mawa tikujambula maliro a mfumu. Pamenepo ndiye pamtima pa filimu yonse. Ndikufuna ndimve ngakhale ntchentche ikutera."

"Ntchentche muimva, achimwene," anatero Stafford.

Kuno aliyense amadziwa chinthu chimodzi chimene chimaziziritsa msewu. Pakagwa zovuta, anthu amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala modutsa msewu, kumtunda ndi kumunsi, nyumba ya siwa n'kukhala pakati. Wa njinga yakapalasa amatsika n'kumaikankha. Wa yamoto amazimitsa. Wa chipewa amavula, ngakhale chidakwa chimameza nyimbo yake. Palibe wapolisi amene amamveredwa ngati masamba amenewo.

Mtima unamugunda, asakunamizeni kuti sunamugunde. Koma anadziuza kuti maliro alipo ndithu, a mfumu, ndipo dzuwa likapendeka achotsa zonse. M'mawa anathyola nthambi za mango. Zina anayala kumtunda pafupi ndi kamlatho, zina kumunsi pokhotera kuchigayo. Chimene sanaime n'kuyang'ana ndi chakuti pakati pa masambawo, nyumba yoonekera pamsewu inali imodzi yokha. Yake. Mmene munagona munthu amene mudzi wonse unkadziwa kuti akudwala.

Msewu unafa. Chiperoni chinatsika m'phiri n'kuphimba nsonga za mitengo, kamvula kowaza kosanyowetsa. Njinga yamoto yoyamba inazima isanafike pa kamlatho, mwini wake n'kudutsa akuikankha, mutu uli pansi. Wina amene ankabwera akuimba mluzu anausiyira pakati. Jonathan anakweza chala chachikulu. Stafford anamwetulira, koma bata limenelo sanali kulidziwa. Si bata la anthu ogona, kapena la m'tchalitchi. Linali bata lodikira.

Mtembo wa mfumu unali utakonzedwa kale. Wosewera mfumuyo anakana kukulungidwa m'mphasa. "Ine ndili ndi ana, zimenezo ayi," anatero. Ndiye Shakira anadula thunthu la nthochi lotalika ngati munthu, n'kulikulunga m'mphasa, n'kumanga ndi luzi kumutu, m'chiuno ndi kumiyendo, pamwamba n'kuyalapo mikanda yachifumu. Analigoneka pa chithatha cha nsungwi pakati pa kamudzi ka udzu. Amayi olembedwa kuti alire anakhala mozungulira, koma kulira kunkawakanika. Wina akayamba, mnzake n'kuphulika kuseka.

"Kodi inu simunalirepo maliro?" mkulu wa filimu anakalipa.

"Tinalirapo, bwana, koma osati a nthochi," anayankha mayi wina.

Pamenepo Jonathan anakweza dzanja. Anakanikiza mahedifoni ndi zikhato zonse, n'kutembenuza ndodo yake pang'onopang'ono kuloza kumtunda, kumene kunalibe kanthu koma nkhungu.

"Kukubwera kulira," anatero motsitsa. "Koma si kwa awa."

Palibe amene ankamva kanthu. Jonathan anavula mahedifoni n'kumuveka Stafford. Poyamba anamva mphepo yokha, ndi madontho akugwa pa masamba a nthochi, lililonse lomveka palokha. Kenako, kutali kwambiri, ngati pansi pa nthaka, amayi akubuma. Ndipo pamwamba pa onsewo panali mawu amene ankawadziwa bwino, a Aliness, mkulu wake wa Zelifa, amene m'mawa umenewo anali kudimba kwake kutsidya kwa mtsinje.

"Zelifa mng'ono wanga, wandisiya ndi yani ine. Zelifa, mayi wapita osatsanzika."

Wa kabaza amene anadutsa akukankha njinga uja anali atafalitsa uthenga njira yonse kuti pakhomo pa a Makina pali masamba. Anthu sanafunse kuti wamwalira ndani. Afunsirenji?

Anatulukira m'nkhungumo pang'onopang'ono, oyamba ngati zithunzithunzi, kenako anthu enieni. Amayi atasenza ufa m'mabeseni, abambo ndi mitolo ya nkhuni, adzukulu okumba manda ndi makasu awo pamapewa. Atafika pakhomo anaona kuseri kwa nyumba kuli anthu atakhala mozungulira chinthu chokulungidwa m'mphasa. Analunjika komweko. Aliness anadzigwetsa pa mphasayo n'kuikumbatira, akuitana mng'ono wake. Amayi aja ankaseka aja anapezeka akulira zenizeni, osadziwa kuti ayamba liti. Mkulu wa filimu ananong'oneza wa kamera kuti asazimitse.

Stafford anathamanga uku ndi uku akugwira anthu mikono. "Si maliro awa. Alamu, si maliro. Ndi nthochi." Koma mawu aja owoloka dambo tsiku limenelo anakana kutuluka. Ankangomveka ngati munthu wolira mkazi wake, ndipo abambo awiri anamugwira n'kumukhazika pansi kuti alimbe mtima.

Chitseko cha kuseri chinatseguka.

Zelifa, amene sanaimepo yekha kuyambira nthawi yokolola, anali ataima pakhomo, dzanja limodzi lagwira mphuthu, atafunda bulangete lotuwa. Kulira kunaduka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ngati moto wothiridwa madzi. Ena anataya mabeseni n'kuliyatsa liwiro, omwe aja ndanena aja. Zelifa anayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi kudikira linzake, mpaka anafika pakati pa amayiwo n'kukhala pansi. Anayang'ana mphasa ija nthawi yaitali.

"Achemwali, mwasiyiranji?" anafunsa. "Ndimamva bwino ndili m'nyumbamo."

Aliness anali akadagwira luzi la kumutu.

"Ndamva dzina langa," anatero Zelifa. "Zikomo nonse mwabwera. Mwandilira kale, ndiye tsiku lenilenilo musadzavutikenso."

Anadzuka, n'kubwerera m'nyumba, n'kukagona atayang'ana kukhoma. Madzulo Stafford anamutengera phala. Sanatembenuke. Anamutengera mankhwala ndi madzi.

"Munthu woliridwa sadya," anatero, ndipo sanalankhulenso.

M'mawa mwake Aliness anafika ndi atsibweni awo, a Goodman, amene ndi mkulu wa adzukulu m'mudzimo, bambo woonda wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Aliness ndiye sanabwere kudzanong'ona.

"Mkamwini iwe, unabwera ndi njinga, ubwerera ndi njinga yomweyo. Wandiliritsa mng'ono wanga ali moyo. Akangotseka maso ameneyu, usadzayerekeze kuponya dothi."

Stafford, munthu woti pamsika sagonja kwa aliyense, anangoweramitsa mutu, n'kunyamuka kuti akachotse masamba aja. A Goodman anamugwira pamkono.

"Musawakhudze, akamwini. Masamba akayalidwa sachoka manda asanalandire kanthu. Mukawachotsa chonchi, adzasankha okha woti apite."

Masamba anakhala pamsewu, akufota. Anthu ankadutsabe atatsika njinga, ngakhale ankadziwa kuti palibe wamwalira, ndipo podutsa ankayang'ana kumbali. A filimu anapeza bata limene ankalifuna lija, lochuluka kuposa mmene anapemphera, koma palibe anakondwa nalo. Wosewera mfumu ankaiwala mawu ake. Jonathan ankavulavula mahedifoni, ndipo Stafford atamufunsa, anayamba wakana kunena.

"Ndikumamva kupuma kwa mayi," anavomera kenako. "Kudutsa khoma. Kukumatalikirana, bambo Makina."

A Goodman ndi amene ananena chochita. Anati akuluakulu akale maliro akaliridwa popanda mtembo ankaika thunthu la nthochi m'malo mwake, kuti dzenje litsekeke ndipo imfa ibwerere ili ndi kanthu m'manja. Stafford anagwira chikwanje kuti akadule nthochi ya kuseri.

"Osati iliyonse," anatero a Goodman. "Yomwe ija inagwetseredwa misozi."

Mkulu wa filimu anakana. Anati mtolo umenewo waoneka kale pa kamera, mfundo zake ndi mmene mphasa inapindikira, ndipo uyenera kuonekanso chimodzimodzi pojambula ulendo wokaika mfumu m'phiri. Sanali munthu woipa, ayi, koma mutu wake unali mu filimu. "Tikupatsani sabata yamawa tikamaliza," anatero.

"Sabata yamawa mudzajambula enieni," anatero Stafford.

"Mukautenga, ntchito yanu yathera pomwepo."

Stafford anakatenga njinga yake n'kuiimika pambali pa chithatha. Palibe anamuletsa. Shakira anabwera, n'kuchotsa mikanda yachifumu ija mmodzimmodzi, n'kumuthandiza kunyamula chakumiyendo. Mtolowo unali wolemera kuposa tsiku loyamba, ndipo pansi pake pankadontha madzi ozizira amene anamutsikira m'mikono mpaka m'zigongono. Anaumanga pakaliyala ngati nkhuni.

Panatsala chinthu chimodzi. A Goodman anati dzenje silitsekedwa osaliuza kuti walowamo ndani. Stafford anati zimenezo n'zosavuta, atchula dzina la mfumu ya mu filimu. Analowa m'nyumba kuti akamuuze mkazi wake, ngakhale sankayembekezera yankho. M'chipindamo munali mdima wa masana, phala la dzulo lili pambali litachita khambi. Anagwada n'kufotokozera msana wa Zelifa zonse.

"Mfumu yanuyo palibe anailira," anatero Zelifa, mawu ngati ochokera m'botolo. "Analira Zelifa. Mukaike Zelifa."

"Amayi, mukufuna ndikaime pamanda ndinene kuti ndaika mkazi wanga?"

"Munayala nokha masamba. Mukamalize nokha."

"Nanga ndikatchula, n'kubwera kuno n'kupeza kuti..."



Anapita dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Stafford akukankha njinga, a Goodman ndi adzukulu awiri kutsogolo, Aliness kumbuyo. Akuluakulu a mpingo anatumiza mawu kuti zimenezo iwo sizikuwakhudza, ndiye panalibe nyimbo kapena pemphero. Anakumba m'mphepete mwa manda, pansi pa mitengo imene sidulidwa nkhuni, pamene ngakhale Stafford ndi nkhwangwa yake sanayambe wafikapo. Anatsitsa mtolo uja ndi zingwe, mosamala, mutu kuloza kumene amalozetsa anthu. Kenako onse anamuyang'ana.

A Goodman anadikira. Nkhungu inkadontha m'mitengo. Anaganiza zotchula dzina la mfumu motsitsa kuti ena asamve, chifukwa m'mutu mwake munali chinthu chimodzi: kuti dzinalo likangotuluka pakamwa pake, kunyumba kuja kupuma kuima. Koma anakumbukira msana uja ndi phala lija.

"Amene walowa muno ndi Zelifa," anatero, ndipo mawu ake anabwerera onse, mpaka mbalame zinauluka m'mitengo. "Mkazi wanga. Mulandireni ameneyu, kwathu musabwerekonso."

Dothi loyamba linagwa pa mphasa ndi mdidi womwe uja umamveka pa maliro onse. Aliness anatseka makutu. Ataumba kamtumbira, onse anasamba m'manja kumtsinje, a Goodman n'kupita kukatola masamba aja n'kuwaponya m'madzi. Stafford asanafike n'komwe pakhomo, njinga yamoto inadutsa ikulira, wailesi ili pamwamba.

Stafford anasiya njinga ikugwa yokha n'kulowa m'nyumba. Pamphasa panalibe munthu. Bulangete linali lopindidwa bwinobwino. Anatulukira khomo la kuseri.

Anamupeza atakhala pakhonde la kanyumba kena ka udzu ka a filimu, mbale ili pamiyendo, akukomba phala lozizira lija ndi zala. A filimu anali ataima patali, osajambula, akungoyang'ana.

"Zelifa," anaitana.

Sanatembenuke. Anapitiriza kukomba.

"Zelifa."

Ngati akuitana mtengo. Stafford anayandikira, n'kunjuta patsogolo pake. "Amake Fyness."

Apo ndiye anadzutsa maso. "Mwabwerako? Phalali simunathire mchere. Mundipatsenso mankhwala aja."

Anachira pang'onopang'ono, mmene amachirira anthu, ndi mankhwala a kuchipatala, phala la mchere ndi nthawi. Mvula isanagwe anali akupita yekha kumjigo. A filimu anamaliza zawo ndi nthochi ina n'kupakira, kamudzi ka udzu kanadyedwa ndi mbuzi ndi chiswe. Stafford anabwerera ku nkhuni zake, ndipo Aliness, ngakhale mpaka pano amamupatsa moni wa m'mphuno, za njinga zija sanazitchulenso.

Koma dzina lija silinabwerere. Kukwaya, kuchigayo, kuchipatala akaitana Zelifa Makina, mayiyo amangokhala phee akuyang'ana kutsogolo, mpaka mwamuna wake aime n'kunena kuti alipo. Nthawi zina Stafford amaiwala, makamaka akakhala wosangalala, n'kukuwa dzinalo ali pamsewu ndi nsomba m'manja. Nyumba yonse imangoti zii. Amaima pakhomo, n'kuitananso bwino.

Chaka chilichonse anthu akamakalambula kumanda, amake Fyness amatenga khasu lawo n'kupita nawo. Mitumbira ya makolo amasiyira ena. Iwo amapita m'mphepete muja, pa kamtumbira kopanda mtanda, n'kuzula udzu wonse ndi manja, n'kukonza dothi pamene mvula inakokolola. Tsiku lina mtsikana wina wokwatiwa kumene m'mudzimo, wosadziwa nkhani, anawafunsa kuti pagona ndani pamenepo.

"Mayi wina wa pompano," anayankha akusasa dothi m'manja. "Anali munthu wabwino, koma ankadwaladwala."